Kumbuyoku Kulibe Wina?

Dzuwa linali litapendeka kale pamene Telala ndi mng'ono wake ananyamuka pachigono chachisanu. Anzawo onse anali atapita m'mamawa, mame asanakamuke. Awiriwa anatsala chifukwa cha mapazi a mng'onoyo. Matuza anali ataphulika usiku, ndipo namwino wa pakachipatala kapafupi, amene anati abwera kukangocha kudzamanga mabalawo, anatulukira anthu atadya kale nkhomaliro.

"Njira ndi imodzi yokha," anatero mtsogoleri wa gulu ponyamuka. "Muzingotsata miyala yopaka laimu. Mukadutsa golosale yakale mulowa m'mitengo ya bulugamu, kenako mlatho. Mukawoloka, chigono chili pamtunda pomwepo. Chachikulu mdima usakupezeni m'njira."

Unali ulendo wapansi wa masiku asanu ndi atatu, wopita kunyumba ya mapemphero imene ili pamwamba pa phiri. Mayi awo anauyenda kanayi akadali ndi mphamvu. Atagwa ndi sitiroko, pakamwa patapotoka, chinthu chimodzi chimene ankachinena momveka bwino chinali chakuti iwo akadzapita, ana awo awiriwa adzauyende ulendowu limodzi. Tsopano chaka chinali chitatha chiwaikireni m'manda.

Telala anali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wamfupi, wa miyendo yolimba. Ankakonda kunena kuti wakhala akupalasa makina osokera ngati njinga zaka makumi atatu osasuntha pakhonde, ndiye mtunda sungamuopseze. Mng'ono wake, amene pabanja ankangomutcha Madamu chifukwa anali mphunzitsi kumzinda wakutali, anabwera ndi nsapato zatsopano zokongola ngati za pachithunzi. Zinayamba kumuluma tsiku loyamba lomwe.

Masiku asanu onsewo anayenda ngati anthu amene angokumana m'basi. Kupatsirana madzi, kufunsana mmene agonera, basi. Nkhani imene inali pakati pawo panalibe woikhudza. Zaka zisanu ndi chimodzi Telala anasamalira mayi awo yekha: kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi sipuni, mpaka anasamutsira makina ake m'chipinda mwawo kuti azisoka akuwayang'ana. Madamu ankaimba foni Lamlungu lililonse, n'kumabwera patchuthi kudzakhala masiku atatu.

Anafika pagolosale yakale ija dzuwa litafiira. Inali nyumba yopanda anthu, malata a mbali imodzi atachoka, mawindo ali kukamwa yasa. Madamu anakhala pansi pakhonde, n'kutambasula miyendo.

"Achemwali, tipumeko pang'ono."

"Tapuma kale kanayi. Ukuliona dzuwali?"

"Ndikumva chizungulire."

"Chizungulire chako chimadziwa nthawi yobwera," anatero Telala ali chiimire. "Iwe unabadwa mochedwa, ndipo chiyambire pamenepo sunafikepo paliponse pa nthawi yake. Ndi kwa amayi komwe unafika titakhomera kale bokosi."

Madamu anapukuta thukuta pamphumi ndi dzanja limene linkanjenjemera pang'ono. Atayankhula, mawu ake anali otsika.

"Amayi anasiya kudya Lachiwiri. Inu munandiimbira Lachisanu, atatsirizika. Munkafuna mukhale nokha pambali pawo, achemwali, kuti mudzakhale ndi chondinenera moyo wanga wonse."

Bodza likakulasa umaseka. Izi zinali zoona, ndipo Telala ankaganiza kuti palibe akuzidziwa.

"Tsala," anatero. "Wazolowera kupeza zinthu zitatha."

Anakoka chikwama kumsana n'kuyamba kuyenda. Sanacheuke. Mumtima ankati mwanayu akaona kuti kukuda adzuka yekha n'kumutsatira, monga ankachitira ali wamng'ono akamunyanyala pobwera kusukulu. Mkwiyo unamupatsa liwiro. Anayenda akukangana naye m'mutu, akumuyankha mayankho abwino amene sanamubwerere pakhonde paja.

Atalowa m'mitengo ya bulugamu, mdima unagwa kamodzin'kamodzi ngati munthu watseka chitseko. Anatulutsa foni. Inawala pang'ono, n'kuzima. Anatsala ndi katochi kamene ankaunikira nako akafuna singano yogwa pansi, ndipo kuwala kwake kunkangokwanira mwala umodzi wa laimu. Akaupeza, ankayenda mumdima kufuna wina.

Mkwiyo uja unayamba kuzirala. M'malo mwake munalowa bata.

Kunalibe galu wouwa. Kunalibe nkhululu. Mitengo yokha inkalira m'mwamba ikakhulana.

Kenako anamva kumbuyo kwake.

Kho... kho... kho...

Ndodo. Munthu woyenda ndi ndodo, osafulumira. Telala anapumira m'mwamba, mtima n'kukhala pansi. Wabwera, anatero mumtima, watola kamtengo. Anachepetsa liwiro koma osacheuka, kuti mng'ono wakeyo asaone ngati amamudikira.

Kuwala kwachikasu kunafika pamapazi ake, chithunzithunzi chake n'kutalika patsogolo. Madamu analibe nyali.

Anacheuka.

Anali bambo wamtali, wowonda, atavala chikhoti chamvula chofika m'mawondo. Kudzanja lina ndodo, kwina nyali ya parafini, ya galasi, yonga imene agogo ake Telala ankayatsa kalekale. M'khosi munali wezulo pachingwe. Anaima patali pang'ono, nyali ili m'munsi, moti nkhope sinkaoneka.

"Ndinu omaliza, mayi?" anafunsa. Mawu ake anali aulemu, otopa. "Kumbuyoku kulibe wina?"

"Kulibe," anatero Telala.

Bodzalo linangotuluka lokha. Akanati chiyani kwa mlendo? Kuti wasiya mwana wa mayi ake pakhonde la nyumba yakugwa chifukwa cha mawu? Komanso ngati bamboyu wachokera kumbuyo, ndiye kuti wadutsa pagolosale paja. Ngati sanamuone, ndiye kuti Madamu wapeza galimoto kumsewu waukulu. Iye ndi wa magalimoto kale.

"Tinanyamuka makumi atatu ndi mmodzi," anatero bamboyo. "Pageti ndawerenga makumi atatu."

Gulu la Telala linali la anthu makumi awiri. Mwina ndi wa gulu lina, anaganiza.

"Tiyeni patsogolo, mayi. Ine ndimayenda pambuyo."

Anayenda. Poyamba zinamukomera kukhala ndi nyali, pakuti miyala ya laimu inkaoneka itatu itatu. Anayesa kucheza.

"Akutumani ndi a kuchigono, bambo?"

Ndodo yokha ndiyo inayankha.

"Mwayenda mtunda wautali lero?"

"Sindigona mpaka akwane," anatero bamboyo.

Kho... kho... kho...

Mphepo inadutsa m'mitengo, masamba ouma n'kuuluka mumsewu. Telala anagwira mpango wake kumutu. Kuwala kwa nyali sikunagwedezeke ngakhale pang'ono.

Anayamba kumvetsera bwino. Nsapato zake zinkamveka pamiyala. Ndodo inkamveka. Koma mapazi a munthu wa kumbuyoyo... anatchera khutu mpaka kusiya kupuma. Panalibe. Ndodo yokha.

Panalinso phokoso lina laling'ono, losalekeza. Tho. Tho. Tho. Madzi akudontha kuchokera pansalu yonyowa. Panali patatha miyezi isanu mvula osagwa. Fumbi la njira imeneyi linali litawalowa m'mano masiku onsewo. Ndiye fungo linamupeza: fungo la matope a mumtsinje, la bango lovunda.

Anaima dala.

Ndodo inaima.

Anayenda. Inayenda.

"Kumbuyoku kulibe wina, mayi?"

Mawuwo tsopano anali pafupi, cha paphewa. Telala anamva kuzizira pakhosi ngati wina watsegula firiji.

"Ndanena kale," anatero. "Kulibe."

Anayesa kupemphera. Pemphero limene ankalinena tsiku lililonse chiyambire ubwana linathera pakati. Analiyambanso. Linatheranso pomwepo. Anafuna kuthamanga, koma miyendo imene ankainyadira ija inali ngati ya munthu wina.

Mitengo inatha. Njira inatsetsereka, ndipo patsogolo panaoneka mlatho, wopapatiza, wa zitsulo zadzimbiri m'mbali. Kutsidya, pamwamba pa mtunda, kunkaphethira magetsi awiri. Chigono. Mtunda woti munthu akhoza kukuwa n'kumveka.

Anaponda pamlatho. Analoza katochi kake pansi kudzera m'zitsulo. Mchenga wokhawokha, woyera, ndi mapazi a ng'ombe. Mtsinje unali utauma gwa.

"Yendani pakati, mayi," anatero bamboyo. "Madzi adzaza."

Ndipo anawamva.

Anayamba ngati lole ikubwera kutali. Kenako mkokomo unadzaza paliponse, pansi pa mlatho, m'zitsulo, m'mafupa ake. Mitengo ikuthyoka. Miyala ikugubuduzika. Mlatho unkanjenjemera. Maso ake ankaona mchenga wouma, koma m'akakolo munkakwera kuzizira, kumukoka, kumukokera kumbali...

Mayo! Anagwada, n'kukumbatira chikwama chimene chinali chitapulumuka paphewa. Zala zake zinagwira kanthu kolimba m'thumba la m'mbali. Kachikwama kachikopa, ka zipi.

Sikanali kake.

Anakatenga masana aja ponyamuka, kuti Madamu apepukidwe. Munali mankhwala ake a shuga, jakisoni, ndi maswiti amene ankayenda nawo paliponse. Madamu anadzibaya asananyamuke. Buledi anangomuluma kawiri, n'kunena kuti alibe chilakolako. Thukuta lija. Dzanja lonjenjemera lija. Chizungulire.

Telala anasamalirapo wodwala zaka zisanu ndi chimodzi. Zizindikirozo ankazidziwa. Anaziona ndi maso ake pakhonde paja, koma mkwiyo unamuphimba.

"Kumbuyoku kulibe wina?"

"Alipo," anatero Telala. "Alipo, bambo. Mng'ono wanga. Ndamusiya pagolosale. Akudwala."

Mkokomo uja unaleka ngati wailesi yazimitsidwa.

Kuwala kunachoka pa iye. Atadzutsa mutu, nyali inali itatembenuka kale, ikukwera njira yobwerera kumitengo.

Telala anayang'ana kutsidya. Magetsi awiri aja anali pomwepo, ndi anthu, ndi chitseko chotseka. Akanatha kuthamangira kumeneko, kukadzutsa amuna, kubwerera nawo. Anawerengera nthawi: kukwera, kufotokoza, kufuna nsapato ndi matochi, kutsika. Shuga akatsika sadikira zimenezo. Anayang'ana kumbuyo, kumene kachinthu kachikasu kaja kankalowa mumdima.

Anadzuka n'kukatsatira.

Anathamanga. Chikwama chinkamumenya kumsana, mpweya ukumuwotcha pakhosi. Bamboyo sankathamanga. Ndodo inkagunda mwapang'onopang'ono monga kale, koma mpata pakati pawo sunkachepa. Anagwa kamodzi, n'kusupuka bondo. Nyali inaima mpaka anadzuka.

Pakhonde la golosale panalibe munthu. Panali nsapato zokongola zija, imodzi apa, ina apo.

"Madamu! Iwe Madamu!"

Chete.

Nyali inalowa pakhomo lopanda chitseko. Telala anaima pakhomopo, thupi lonse likukana. M'katimo munkanunkha mileme. Analowa. Anadutsa kauntala yothyoka, mashelefu opanda kanthu, mpaka kachipinda ka kumbuyo kumene kale ankasungirako katundu.

Madamu anali atagona chammbali pasimenti. Zikuoneka kuti analowa kuthawa mphepo. Bulauzi inali itanyowa ndi thukuta, khungu lili zii ngati mwala wa m'madzi. Maso anali otsegula pang'ono, koma sankaona kanthu.

Manja a Telala anadziwa chochita mutu usanaganize. Anamuika mutu pamiyendo pake. Anaphwanya maswiti awiri ndi kumbuyo kwa tochi, n'kunyowetsa chala, n'kumupaka ufawo m'kati mwa tsaya, pang'onopang'ono, kuti asatsamwe. Anaphwanya ena. Anapakanso.

"Usandichite zimenezi," ankanong'ona. "Wamva? Ndakwirira kale mmodzi. Usandichite zimenezi, mwana wa amayi."

Kuwala kunasendera. Bamboyo anawerama, n'kufikitsa nyali pankhope ya Madamu. Pamenepo Telala anamuona. Anali munthu wa zaka ngati makumi anayi, wa nkhope yabwinobwino, yofatsa. Koma m'tsitsi munali mchenga. M'makutu munali matope. Madzi ankatsika m'masaya osalekeza, n'kumadontha pachibwano, koma pasimenti sipankanyowa. Maso ake sankaphethira.

Anamuyang'ana Madamu nthawi yaitali.

"Si ameneyu," anatero.

Mawuwo anali ndi chisoni choti Telala anamva chifundo.

Bamboyo anaweramuka, n'kubwerera pakhomo. "Komabe wotsala ndi wotsala," anatero. "Ndidikira."

Panapita nthawi imene Telala sanathe kuiyeza. Kenako milomo ya Madamu inayamba kuyenda. Anameza. Anatsokomola. Telala anamupatsa switi lathunthu, kenako nthochi imene inali itaphwanyika m'chikwama, kenako buledi yense wotsala.

"Achemwali?"

"Idya."

"Mwabwerera."

"Ndati idya." Telala anapukuta maso ndi mkono. Kenako, akuyang'ana kukhoma, anati, "Ndinachedwa dala kukuimbira. Unanena zoona. Ndinkafuna umve kuwawa."

Madamu anatafuna pang'onopang'ono. "Inenso ndikanatha kubwera osaitanidwa," anatero. "Ndinkaopa kuwaona ali choncho. Ndikabwera patchuthi ndinkawerenga masiku kuti ndithawe. Inu simunathawe."

Sanakumbatirane. Sanali anthu otero. Telala anavula nsapato zake zakutha zija, zofewa ngati nsanza, n'kumuveka mng'ono wake. Iye anapondera zidendene za nsapato zatsopano zija n'kuzivala ngati masilipasi.

Atatuluka, Madamu atakolowekera dzanja m'khosi mwa mkulu wake, kuwala kunawatsatira.

"Akutiunikirawa ndani?" anafunsa Madamu.

"Usacheuke."

"Bwanji?"

"Kamodzi kokha m'moyo wako, ndimvere."

Madamu anamva china chake m'mawuwo, ndipo sanacheuke. Anayenda ngati nkhono. Madamu akafooka, Telala ankamubereka masitepe makumi angapo, n'kumutsitsa. Ndodo sinawafulumizitse. Iwo akaima, inkaima. Funso lija silinabwerenso.

Pamlatho Telala analuma mano, kudikira mkokomo. Kunali zii. Mwezi unali utatuluka, mchenga ukuwala pansi. Anawoloka pakati penipeni, osayang'ana kumbali.

Anafika pageti la chigono. Telala anagogoda chitsulo ndi mwala. Kumbuyo kwawo ndodo inagunda pansi kawiri, ngati mphunzitsi akuwerenga ana.

"Mmodzi. Awiri."



"Watsalabe mmodzi," anatero mawu aja.

Kuwala kunachoka pageti. Telala atalimba mtima n'kucheuka, nyali inali kale kumunsi kwa mtunda.

Anawatsegulira mayi wosunga chigonocho, amene apaulendo ankamutcha Mayi Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalendewera m'khosi mwake. Anali mayi wa zaka ngati makumi asanu ndi limodzi, wa imvi, wosakonda zocheza. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anthu akusakani mpaka kutopa," anatero. "Atsogoleri anu apita ndi galimoto kumsewu waukulu, amaganiza kuti mwakwera basi. Lowani. Uyu mugonekeni apa."

Anawalowetsa m'khitchini. Munali tebulo lalitali, mabenchi awiri, ndi ketulo yaikulu pambaula. Madamu anamwa tiyi wa shuga wambiri, n'kugona pabenchi atafunda bulangeti. Mayi Makiyi anabweretsa beseni la madzi ofunda ndi mchere, n'kuliika pamapazi a Telala.

Telala anagwira kapu ndi manja awiri kuti tiyi asatayike. Ankafunitsitsa wina amuuze kuti zonsezi zili ndi tanthauzo wamba.

"Bambo amene munawatuma aja," anatero, "ndimafuna ndiwathokoze."

"Sitinatume munthu kunjira ya kumlatho."

"Wamtali. Wa chikhoti chamvula. Ali ndi nyali ya galasi, ndi wezulo m'khosi."

Mayi Makiyi anali akuthira madzi m'ketulo. Madziwo anasefukira, n'kuzimitsa makala a mbali imodzi. Anaika jagi pansi, n'kukhala pabenchi moyang'anana ndi Telala.

"Anakufunsani chiyani?"

"Ngati kumbuyo kuli wina."

"Ananena nambala?"

"Makumi atatu ndi mmodzi. Akuti pageti awerenga makumi atatu."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anagwira makiyi ake kuti asalire.

"Kale gulu lililonse linkakhala ndi munthu woyenda pambuyo pa onse," anatero. "Ntchito yake inali kuona kuti pasatsale munthu m'njira. Amene mwamuonayo ankamutcha Mtsekera. Anaigwira ntchitoyo zaka khumi ndi ziwiri osatayapo ngakhale mmodzi. Anali kalipentala kwawo, wa ana atatu. Chaka chimenecho mvula inabwera msanga. Gulu linafika pano madzulo, litanyowa. Iye anaima pageti paja n'kuwerenga. Anawerenganso. Anthu anamuuza kuti adikire kuche, mtsinje ukudzaza. Anati sangagone. Anayatsa nyali n'kubwerera."

Kenako anapitiriza.

"Anamupeza patapita masiku atatu, kumunsi kwenikweni, m'bango. Chaka chamawa zikwana zaka makumi anayi."

Madzi a m'beseni anali ofunda, koma Telala anamva kuzizira kuja kwa pamlatho kukubwerera m'akakolo.

"Nanga wotsalayo? Anamupeza?"

"Sanatsale. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri. Mapazi anamupweteka, ulendo unamukwana. Pagolosale paja panaima lole, iye n'kupempha kukwera. Anachita manyazi kuuza anzake kuti walephera, ndiye anangozemba. Pamene bambo uja ankalowa m'madzi, iye anali kwawo, ali m'tulo, pabedi louma. Anamva patatha sabata."

"Ali moyo?"

"Ndi amene wakuthirirani tiyiyu."

Pabenchi Madamu ankapuma mwakachetechete. Makala ankalira tsii pamene panagwera madzi.

"Ndinabwera kudzapepesa kwa anthu a pano," anapitiriza Mayi Makiyi. "Anandipatsa tsache kuti ndithandizeko tsiku limodzi. Sindinachokenso. Mkazi wa Mtsekera anandikhululukira asanamwalire, ana akenso amandipatsa moni. Koma mwini wakeyo..." Anayang'ana kuwindo. "Pakapita zaka ziwiri, zitatu, amabwera wina ngati inu, wotsalira, n'kundiuza kuti waperekezedwa. Ine ndapita pamlatho paja usiku kosawerengeka. Ndakhalapo mpaka kucha. Sindinamuonepo. Mwina amandidutsa. Iye akufuna mtsikana wa malamba ofiira m'tsitsi. Angamudziwe bwanji m'nkhalamba ino?"

Kenako anafunsa, osamuyang'ana Telala, "Pageti ananena chiyani?"

Telala anafuna kunama, koma mabodza a usiku umenewo anali atamukwana.

"Anati watsalabe mmodzi."

Mayi Makiyi anadzuka. Sanatenge tochi. Telala anatulutsa mapazi m'beseni n'kumutsatira, osavala nsapato, kudutsa pabwalo mpaka pageti. Mayiyo anatsegula loko, n'kukankha geti mbali zonse ziwiri, n'kuima pakati pa njira.

Kumunsi, cha kumlatho, kunali kakuwala kachikasu, kakang'ono ngati kambewu ka chimanga.

"Mukukaona?" anafunsa Mayi Makiyi.

"Ndikukaona."

"Ine ayi. Ndilozereni."

Telala anamugwira mapewa n'kumutembenuzira kumene kunali nyaliyo. Mayiyo anakonza mpango wake, n'kuimirira mowongoka ngati mwana wa sukulu poitanidwa dzina.

"Bambo," anaitana. "Ndine. Ndinafika. Takwana tonse, bwererani."

Kuwala kuja kunaima.

"Aima," ananong'ona Telala.

Azimayi awiriwo anadikira, atagwirana manja. Mphepo inatsika mtunda, n'kukweranso. Telala anawerenga kupuma kwake mpaka khumi, mpaka makumi awiri.

Ndiye kuchokera kutali, pang'onopang'ono, kunamveka ndodo.

Kho... kho... kho...

"Akubwera?" anafunsa Mayi Makiyi.

Telala anayang'anitsitsa mpaka maso anachita misozi. Nyaliyo inawoloka mlatho, n'kukwera kutsidya, n'kulowa m'mitengo.